Mlatho wa Mapesi

Anatiuza Lolemba kuti kubwera injiniya.
Tinasesa bwalo mpaka fumbi linatha,
aphunzitsi a Zakariya nkubwereka tayi.
Tinkadikira galimoto yakuda ndi bambo wa mimba.

M'malo mwake, mu chapa cha ku Moatize
munatsika mayi wamfupi, nsapato zili matope okhaokha,
chipewa cholimba m'khwapa ngati nkhuku yokagulitsa.
Dzina anatchula yekha: Jasinta Kamphambale.
Choko sanachikhudze.
Anati, "Pitani kumunda wa sukulu,
aliyense abwere ndi mapesi."

Mapesi!
Ife akuluakulu a sekondale ya ku Ulongwe,
tinayang'anana.

Anasuntha madesiki awiri, pakati nkusiya mpata.
"Uyu ndi Revubwe, ndipo mvula ya Febuluwale yagwa.
Amayi anu ali tsidya ilo ndi thumba la kachewere.
Awolotseni."

Anatigawira mphira za chubu cha njinga.
Gulu la Felizimina, amene salakwa samu,
linamanga mlatho wosalala ngati wa pa kalendala.
Mwala woyamba unakhala.
Wachiwiri unakhala.
Wachitatu, phwa!
Tinafa nako kuseka.
Mayiyo sanaseke. Anagwada pa simenti,
natola phesi lothyokalo, nalitembenuza pang'onopang'ono.
"Bwera, Felizimina, udzaone pamene layambira.
Chothyoka chimalankhula,
koma umafunika kugwada kuti umve."

Wathu unali wosaoneka bwino.
Anaumanga Domingu, wobwereza kalasi,
amene Loweruka amakonza njinga pamsika.
Anapingasa mapesi makona atatuatatu
monga imakhalira felemu ya njinga,
osadziwa kuti zimenezo zili m'mabuku.
Miyala isanu ndi iwiri.
Dikishonale ya Chipwitikizi pamwamba pake.
Mlatho unawerama pang'ono, nkukana kugwa.
"Wakuphunzitsa ndani?"
Domingu anazolika,
kuyesa wapalamula.

Kenaka anatiyendetsera foni yake, dzanja ndi dzanja.
Pachithunzi panali msewu wodukadi pakati,
mapaipi a simenti atamwazikana m'matope.
"Ntchito yanga yoyamba imeneyo.
Madzi ndinawayeza mu Okutobala,
ndinanyoza agogo ena amene anandilozera pa mtengo
pamene mtsinje umafika ukakwiya.
Ndinalira m'chimbudzi cha kampani.
M'mawa mwake ndinapita kukawapepesa,
tepi yoyezera ili m'manja."

Sindidziwa chimene chinakweza dzanja langa.
Ndinati, "Mawaya a magetsi a ku Songo
amadutsa pamwamba pa munda wathu,
usiku timawamva akung'ung'udza,
koma ine ndimawerengera tochi.
Chifukwa chiyani?"

Aphunzitsi anatsokomola.
Mayiyo anakhala chete nthawi yaitali
mpaka tinamva mbuzi ikulira kuseri kwa mpanda.
"Theka la yankho ndi thiransifoma,
limenelo ndingathe kukuphunzitsa.
Theka linalo lili m'maofesi,
ndipo kumeneko akuchepa anthu
amene anawerengerapo tochi."

Anatiuzanso zina zosakoma:
kuti samu sinyengereredwa,
kuti fizi anaipeza movutikira, chaka china nkusiyira panjira,
kuti amuna ena pantchito amamutumabe tiyi.
"Ndimawaphikira," anatero,
"akamwa, ndimawagwetsetsa khoma lokhota."

Anakwera chapa cha 3 koloko.
Nambala yake anailemba pakona pa bolodi,
ndipo wofufuta aliyense amaizungulira,
lero ndi sabata yachitatu.

Pobwerera kwathu tsikulo
ndinaima pa kamlatho ka pa dambo
kamene ndakhala ndikuwoloka chiyambire sukulu.
Ndinavula nsapato, ndinatsikira kunsi.
Ndinali ndisanakaonepo m'mimba.
Zisa za anamzeze, zitsulo za dzimbiri,
ndi mng'alu wolowa chala changa chaching'ono.
Pamwamba panadutsa ngolo ya chimanga,
fumbi linandigwera m'maso.

Ndinathyola udzu, ndinayeza mng'aluwo,
udzuwo uli m'kope la samu, tsamba lomaliza.
Mvula ikadzatha ndidzapitanso.
Domingu wati tidzapita limodzi,
abwereka tepi kwa atelala.